Mankhwala a mwezi umodzi pa matenda a moyo wonse

Ndatopa nawo mawu akuti "bola anabwera." Mavolontiya azaumoyo akafika m'dziko losauka ndi makatoni a mankhwala, anthu amakhamukirako, ndipo ambiri mwa alendowo ndi amtima wabwino ndithu. Mavuto amayamba tsiku limene akwera ndege kubwerera kwawo.

Malungo amachizika m'masiku ochepa. Koma khunyu, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimafuna mankhwala tsiku lililonse kwa zaka zambiri. Pali mwana wina wodwala khunyu amene sachoka m'maganizo mwanga. Gulu lina la alendo linamuyambitsa mankhwala omwe sapezeka m'zipatala za boma, n'kumupatsa a mwezi umodzi, osalemba kalikonse m'buku lake lakuchipatala. Kugwa kunasiya, banja linasangalala. Mankhwala atatha, mayi ake anangokhala n'kumadikira kuti madokotala aja abwerenso, poganiza kuti chipatala chapafupi sichingafanane nawo. Chonsecho mankhwala a khunyu akasiyidwa mwadzidzidzi, kugwa kumatha kubwerera mwamphamvu, nthawi zina mosalekeza. Anafika naye kuchipatala chimene ndimagwirako ntchito atakomoka kwa maola ambiri. Kabotolo kopanda kanthu kamene anabweretsa kanali kolembedwa m'chinenero chimene palibe aliyense wa ife amawerenga. Mwanayo anapulumuka, koma kulankhula kwake sikunabwerere mwakale.

Izi si zachilendo. Chivomezi chitachitika ku Armenia mu 1988, kunatumizidwa matani 5,000 a mankhwala ndi zipangizo, ndipo anthu 50 anatha miyezi 6 akungosankhula kuti adziwe chomwe chinali m'makatonimo. Mu 1996 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo omveka bwino: mankhwala operekedwa ngati thandizo akhale ovomerezeka m'dziko lolandiralo, akhale otsala ndi chaka kapena kuposerapo asanathe mphamvu, ndipo alembedwe m'chinenero chimene ogwira ntchito kumeneko amamva. Mpaka lero ena amabwera ndi zotsalira za m'makabati akwawo.



Tsono inu makolo ndi odwala, musaope kufunsa. Jasi loyera si chiphaso. Wophunzira zaudokotala amene kwawo saloledwa kusoka bala payekha alibe chilolezo chodzaphunzirira pa mwana wanu chifukwa choti ndinu osauka. Dokotala weniweni wochokera kunja amalembetsa ku bungwe loyang'anira madokotala m'dziko limene wafikamo, ndipo amagwira ntchito limodzi ndi anamwino a pamalopo. Akakupatsani mankhwala, auzeni alembe dzina lake ndi mlingo wake m'buku lanu, ndipo mufunse kuti akatha mukatenga kuti ena. Akasowa yankho, pitani nawo mankhwalawo kuchipatala sabata yomweyo, mapiritsi akadalipo, kuti tione ngati tingapitirize omwewo kapena tisinthe pang'onopang'ono. Musadikire kuti mwana agwe kaye.