Kusambira m'nyanja nyengo yotentha kumayamba ndi kudziwa kuyandama

Kuyambira Okutobala mpaka mvula itakhazikika, kuno ku Mangochi kumatentha moti masana ambiri amapitirira madigiri 35, ndipo aliyense akapeza mpata amathawira kunyanja. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, magombe a ku Nkopola, Monkey Bay ndi Cape Maclear amachita kusefukira ndi anthu ochokera ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Pa Khirisimasi ndi chaka chatsopano zimakhalanso chimodzimodzi. Ambiri mwa anthuwa amanena kuti amadziwa kusambira, pamene chomwe amadziwa n'kumenya madzi ndi manja kamtunda kochepa mutu uli m'mwamba, akatopa n'kuponda pansi. Tsiku loti phazi lafuna pansi n'kupeza palibe, luso limenelo silikhalitsa. Chopulumutsa munthu ndi kudziwa kugona chagada pamadzi n'kumapuma modekha, ndipo n'chimene mwana ngakhalenso wamkulu ayenera kuyamba kuphunzira asanaganize za liwiro.

Malo ophunzirira akhale a mchenga wolimba, otsetsereka pang'onopang'ono, madzi ake oyera oti mukuona mapazi anu. Wamkulu wodziwa kusambira ayambe walowa yekha, akuyenda mokokera mapazi pansi, kuti apeze pomwe pansi pamatsika mwadzidzidzi, ndipo malire a ana akhale kumtunda kwa pamenepo. Musadalire zomwe munaona chaka chatha. Mafunde a mwera m'miyezi yozizira amakumba maenje n'kusuntha mchenga, komanso madzi a m'nyanja amakwera ndi kutsika. Mu 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ambiri m'mbali mwa gombe, ndipo madzi akatero amabisa zipupa zogumuka, mipanda ya waya, zitsa ndi mabotolo osweka. N'chifukwa chake kudumphira chamutu pamalo osawadziwa n'koopsa kwambiri: mutu ukagunda pansi m'madzi osaya khosi limathyoka, ndipo munthu amatha kulumala miyendo ndi manja moyo wake wonse.

Padoko si posambirira. Pali maboti a injini, zingwe za nangula ndi maukonde, ndipo phazi likakodwa mu ukonde, kuphiriphitha kumangoonjezera kukodwako. Mumtsinje wa Shire, kuyambira pomwe ukutuluka m'nyanja, kudutsa pamlatho wa paboma mpaka ku Malombe, madzi amakoka ngakhale pamwamba pakuoneka pabata, ndipo muli ng'ona ndi mvuu. Ng'ona zimakonda mabango, pomwe mitsinje imathira m'nyanja ndi pomwe anthu amatumbulira nsomba, ndipo zimasaka kwambiri chakumadzulo, usiku ndi m'bandakucha. Asodzi a pamalopo ndiwo amadziwa komwe zaoneka posachedwa, choncho afunseni musanavule malaya.

Phunziro lenileni limachitikira m'madzi olekeza m'chiuno kapena pachifuwa cha wophunzirayo, wamkulu mmodzi ndi wophunzira mmodzi, kwa mphindi 20 mpaka 30. Kupitirira apo mwana amatopa n'kuyamba kulakwitsa zomwe anali atazigwira kale. Poyamba ndi mpweya. Akoke mpweya ndi pakamwa, amize nkhope, atulutse mpweyawo pang'onopang'ono ndi mphuno ndi pakamwa mpaka madzi achite thovu, adzutse mutu, akokenso. Abwereze kakhumi osapukuta kumaso ndi manja. Wopukuta kumaso nthawi iliyonse akadzuka sanazolowere madzi, ndipo funde likadzamumenya kumaso manja ake adzathamangira kumaso m'malo mogwira ntchito yomuyandamitsa. Musam'fulumize kupita patsogolo izi zisanakhazikike, ngakhale zitatenga masiku angapo.

Kenako ndiye kugona chagada. Inu imani kumutu kwake, dzanja limodzi pansi pa nkhongo, lina pakati pa mapewa. Iye agone pang'onopang'ono mpaka makutu onse alowe m'madzi, chibwano chikweze pang'ono, maso ayang'ane kumwamba, manja atambasule mbali zonse, mimba aikankhire m'mwamba. Akakhazikika, chepetsani kumugwira mpaka kutsale nsonga za zala, ndipo muuzeni musanachotse dzanja. Kumusiya mobera kumamuchititsa mantha omwe amatenga nthawi kuti athe.

Cholakwika chofala ndi kudzutsa mutu kuti aone mapazi. Mutu ndi wolemera, ndipo ukangotuluka m'madzi chiuno chimamira, thupi n'kupindika ngati munthu wokhala pampando, nkhope n'kulowa m'madzi. Mukaona chiuno chikumira musakweze miyendo yake. Muuzeni abwezere makutu m'madzi, chiunocho chidzakwera chokha. China ndi kapumidwe. Mapapo odzaza mpweya ndiwo amayandamitsa munthu, choncho wotulutsa mpweya wonse nthawi imodzi amayamba kumira. Azipuma mwachidule, kutulutsa pang'ono n'kukoka msanga, mapapo akhale odzaza nthawi zambiri. Nyanja yathu ilibe mchere, choncho madzi ake sanyamula thupi monga amachitira a m'nyanja zikuluzikulu za mchere. Anyamata owonda ndi amuna a minofu yolimba amapeza miyendo yawo ikumira ngakhale achite zonse bwino. Limenelo si vuto. Azingogwedeza mapazi pang'onopang'ono ndi kupalasa madzi ndi zikhato pafupi ndi chiuno, chachikulu n'choti pakamwa ndi mphuno zili kunja.

Pali chinthu china chomwe aphunzitsi ambiri amachidumpha, chomwe ndi kuimiriranso. Anthu amamira m'madzi olekeza m'chiuno chifukwa akagwa sadziwa kubwezera mapazi pansi. Kuchokera chagada, akokere mawondo pachifuwa, akankhe madzi ndi manja onse kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, aweramitse mutu, kenako aponde ndi mapazi onse awiri. Akadziwa zimenezi aphunzire kutembenuka kuchoka chafufumimba kupita chagada ndi kubwereranso, chifukwa ndiyo njira yopumulira munthu akatopa pakuya. Kusambira kwenikweni kubwere pambuyo pake, ndipo kuzichitika motsata gombe, osati kuloza pakati pa nyanja. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuphunzitsa ana kusambira kuyambira zaka 6. Ku Bangladesh, pulogalamu yophunzitsa ana kusambira ya SwimSafe imati mwana wakhoza akatha kusambira mamita 25 ndi kudziyandamitsa masekondi 30. Muyeso umenewo ndi wabwino kuutsatira kunonso, ndipo amene sanaufikire asapitirire madzi a pachifuwa, kaya ali ndi zaka 8 kaya 40.

Chubu cha galimoto ndi zoyandamitsa zopopa zogula pamsika zimapusitsa makolo ambiri. Zimafikitsa munthu wosadziwa kusambira pakuya pomwe sakanafika ndi miyendo yake, ndipo mphepo ikamaomba kuchokera kumtunda imakankha chubu mofulumira kuposa momwe munthu angasambirire kuchilondola. Kuti mudziwe komwe mphepo ikuchokera, yang'anani maboti omangidwa pa nangula: mutu wa boti umaloza komwe mphepo ikuchokera. Ukaloza kumtunda, chubu chisalowe m'madzi. Mvula ikayandikira, mphepo ya mpoto imatha kudzuka mwadzidzidzi nyanja ili bata. Mukamva bingu tulukani nonse, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Okwera boti kukaona zilumba monga Thumbi kapena Boadzulu avale jekete loyandamitsa n'kulimanga malamba onse, chifukwa losamanga limavuka munthu akangogwera m'madzi.

Mowa ndi madzi siziyenderana, ndipo pa maholide aja ndi umene umamiza amuna ambiri odziwa kusambira. Munthu wa matenda a khunyu asalowe m'madzi popanda wina wodziwa za matendawo ali pafupi pomugwira.

Munthu womira sakuwa. Pakamwa pake pamangotuluka m'madzi kanthawi kokwanira kukoka mpweya basi, thupi lili choimirira, mutu utapendekera kumbuyo, manja akupondereza madzi m'mbali, ndipo mwana amatha kuzimirira isanathe mphindi imodzi. Anthu amene ali pafupi amayesa akusewera. N'chifukwa chake pagulu lililonse pazikhala wamkulu mmodzi wosamwa, wosagwira foni, yemwe ntchito yake n'kuwerenga mitu ya ana, ndipo azisinthana ndi mnzake pakatha mphindi 15 kapena 20 popeza maso amatopa ndi kunyezimira kwa madzi. Pagulu la anthu khumi aliyense amaganiza kuti wina akuyang'ana. Mwana wosakwana zaka 6 azikhala poti mukatambasula dzanja mumugwira, ndipo musam'siyire mkulu wake wa zaka 10.

Wina akayamba kumira, musathamangire kudumphira. Womira amagwira ndi mphamvu zodabwitsa n'kukwera pamutu pa womupulumutsa, ndipo umu ndi momwe banja limodzi limatayira anthu awiri tsiku limodzi. Kuwani kuti anthu abwere. Ngati ali pafupi, mupatseni nsungwi, nkhafi kapena chitenje inu mutagona pansi kapena mutagwidwa ndi mnzanu. Ngati ali patali, muponyereni chigubu cha malita 5 chotseka bwino, chomangidwa ku chingwe cha mamita 15 mpaka 20. Chigubu chotere chimakwanitsa kukweza mutu wa munthu wamkulu pamwamba pa madzi. Thiranimo madzi okwana kapu imodzi kuti chilemere pang'ono, apo ayi mphepo imachiuluza. Ponyani mopitirira munthuyo kenako kokani chingwe kuti chigubu chifike m'manja mwake. Cha malita 20 chimanyamula kwambiri koma n'chovuta kuponya. Chimathandiza wodziwa kusambira amene akupita nacho, achikankhire kwa womirayo iye ali pataliko. Banja lililonse lopita kunyanja likhoza kukonza chigubu ndi chingwe chotere lisananyamuke.

Mukam'tulutsa, mugonekeni chagada pamchenga, mupendeketse mutu kumbuyo, mukweze chibwano, muone ngati akupuma kwa masekondi osapitirira 10. Ngati sakupuma, tsinani mphuno n'kumupumira mkamwa kasanu, mukuona chifuwa chikukwera. Kenako psinjani pakati pa chifuwa ka 30, mozama masentimita 5 mpaka 6 kwa wamkulu, pa liwiro la ka 100 mpaka 120 pamphindi, n'kupumiranso kawiri, n'kumabwereza osaleka pamene ena akusaka galimoto. Kwa mwana wamng'ono dzanja limodzi limakwana, kwa khanda zala ziwiri. Kumuzondotsa kapena kumufinya mimba kuti madzi atuluke n'kutaya nthawi, komanso kumabweretsa masanzi omwe amalowa m'mapapo. Chomwe akusowa ndi mpweya. Akayamba kupuma mugonekeni chammbali, mumufunde, ndipo apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa madzi olowa m'mapapo amatha kuyambitsa befu patapita maola angapo.

Vuto lina silioneka tsiku lomwelo. Likodzo limafala kudzera mu nkhono za m'madzi. Wodwala akakodzera m'madzi, mazira a nyongolotsi za likodzo omwe ali mu mkodzowo amaswa, tizilombo take n'kulowa mu nkhono, ndipo patapita masabata angapo nkhonoyo imatulutsa tizilombo tomwe timaboola khungu la munthu wosamba, wochapa kapena wosambira. Timatuluka tambiri dzuwa likakwera, nthawi yomwe anthu amakonda kulowa m'madzi. Nkhono zimachuluka m'madzi osaya, odekha, a mabango ndi zomera, pafupi ndi midzi, koma ku Cape Maclear kuli mtundu wina wokhala mumchenga weniweni, choncho gombe loyera si chitsimikizo. Kuyambira 2017 ofufuza apezanso m'magombe a Mangochi nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo, lomwe limabwera ndi kupweteka m'mimba ndi magazi m'chimbudzi. Kudzipukuta mwamphamvu ndi thaulo mukatuluka sikungadaliridwe, chifukwa tizilomboto timalowa m'mphindi zochepa.

Magazi kumapeto kwa mkodzo amayamba kuoneka patapita miyezi iwiri kapena itatu, ndipo si chizindikiro choti mnyamata wakula monga ena amanenera. Likalekereredwa zaka, likodzo limawononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo kwa amayi limabweretsa zilonda m'njira yoberekera zomwe nthawi zambiri zimasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana. Mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Piritsi limodzi ndi la mamiligalamu 600, ndiye kuti mwana wa makilogalamu 30 amamwa awiri, wamkulu wa makilogalamu 60 amamwa anayi. Achipatala ndiwo ayeze kulemera kapena kutalika n'kupereka mlingo, ndipo munthu amwe atadya, popeza pamimba yopanda kanthu amachititsa nseru ndi chizungulire. Alendo ambiri amagula mankhwalawa n'kumwa tsiku lobwerera kwawo, zomwe sizithandiza, chifukwa sapha nyongolotsi zikadali zazing'ono. Dikirani masabata 6 mpaka 8 kuchokera tsiku lomaliza kulowa m'madzi. Mankhwalawa satetezanso za m'tsogolo, choncho okhala m'mbali mwa nyanja azilandira nthawi iliyonse akamagawidwa m'sukulu ndi m'midzi, ndipo madzi osamba kunyumba otungidwa kunyanja aziwasiya m'ndowa masiku awiri asanawagwiritse ntchito, kuti tizilomboto tife.