Kuyendera mzinda wa Muscat: mafunso ndi mayankho pa malamulo a alendo

Muscat, likulu la dziko la Oman, ndi mzinda wautali wopanikizika pakati pa nyanja ndi mapiri amiyala. Chigawo chake chili ndi maboma 6, omwe ndi Muscat, Muttrah, Bawshar, Seeb, Al Amarat ndi Qurayyat. Ndege imatera ku Seeb, koma malo ambiri okaona ali m'maboma atatu oyambawo, ndipo alionse ali ndi malamulo ake amene mlendo ayenera kuwadziwa asanatuluke mu hotela.

Kodi munthu amene si Msilamu angalowe mu mzikiti waukulu?

Inde. Sultan Qaboos Grand Mosque, umene uli m'boma la Bawshar ndipo unatsegulidwa mu 2001, umalandira alendo a zipembedzo zina kuyambira Loweruka mpaka Lachinayi, kuchokera 8 koloko mpaka 11 koloko m'mawa. Lachisanu ndi tsiku la mapemphero, choncho alendo salowa. Ine ndimalangiza kuti mzikitiwu ukhale woyamba pa ulendo wa tsikulo, chifukwa maola atatu amenewa amatha msanga, pomwe msika ndi malo ena amadikira mpaka madzulo.

Nanga kavalidwe kake nkotani?

Amayi ayenera kufunda mpango kumutu kuti tsitsi lisaoneke, ndiponso kuvala chovala chofika m'mapazi chokhala ndi manja aatali. Abambo avale buluku lalitali, osati kabudula. Polowa m'chipinda chopemphereramo aliyense amavula nsapato nkuziika pa mashelefu apakhomo. Lamulo la nsapatoli limamveka bwino munthu akaponda kapeti yam'katimo, imene amayi pafupifupi 600 a ku Iran anailuka ndi manja kwa zaka 4 ndipo imalemera matani 21. Pamwamba pake palendewera nyale yaikulu yotalika mamita 14. Kapetiyi si chinthu choti munthu achiponde ndi fumbi la mumsewu.

Kodi nyumba yachifumu ya Al Alam amalowamo?

Ayi. Nyumbayi, imene ili ku Muscat wakale, Sultan Haitham bin Tariq amalandiriramo alendo a boma, ndipo anthu wamba amangoima pa geti nkujambula zipilala zake zagolide ndi zabuluu. M'mbali mwa doko muli malinga awiri, Al Jalali ndi Al Mirani, amene Apwitikizi anamanga m'zaka za m'ma 1580 asanathamangitsidwe mu 1650. Wofuna kumva mbiri yonseyi alowe mu National Museum, imene inatsegulidwa mu 2016 moyang'anizana ndi nyumba yachifumuyo.

Kodi ku msika wa Muttrah munthu angajambule zithunzi momasuka?

Katundu, tinjira tamumsikamo ndi msewu wa m'mphepete mwa nyanja mungajambule, koma munthu, makamaka mayi, musamujambule musanapemphe. Malo a asilikali ndi oletsedwa kotheratu, ndipo kuulutsa droni kumafuna chilolezo cha boma. Mumsikamo fungo la lubani limakulandirani musanaone ogulitsa, ndipo kunenerera mtengo nkololedwa malinga mukuchita mwaulemu. Ndalama yawo ndi rial, imene imagawika m'mabaisa 1,000. Musadabwe mukamva Chiswahili, pakuti mafumu a Oman analamulirapo Zanzibar, ndipo mabanja ambiri anabwerera kwawo ndi chilankhulochi.

Kodi m'mwezi wa Ramadan zimasintha?

Zimasintha kwambiri. Kudya, kumwa ngakhale madzi, kapena kusuta fodya pagulu masana nkoletsedwa kwa aliyense, kaya akusala kapena ayi, ndipo malo ambiri odyera amatsegula dzuwa likalowa. Mowa, ngakhale m'miyezi ina, umamwedwa m'mahotela ndi m'malo okhawo amene ali ndi chiphaso, osati mumsewu kapena pagombe.

Kodi nthawi yabwino yopita ndi iti?

Kuyambira Okutobala mpaka Malichi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kutentha kumapitirira madigiri 40, moti kukwera masitepe a linga la Muttrah masana kumakhala kovuta. Kumbukiraninso kuti masiku opuma kumeneko ndi Lachisanu ndi Loweruka, ndipo Lachisanu m'mawa masitolo ambiri amakhala otseka mpaka mapemphero a masana atatha.