Chikangawa, nkhalango yomwe inadzalidwira fakitale yosabwera

Amene anadutsapo pamsewu wa M1 kulowera ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1980 amakumbukira mdima wa masana pa Chikangawa. Paini uku, paini uko, nkhungu ili tolo, kuzizira kolowa m'mafupa. Lero mbali zambiri ndi zitsa, udzu ndi timitengo tongodzalidwa kumene.

Nkhalangoyi, yomwe boma limaitcha Viphya, sinamere yokha. Atsamunda anayamba kudzala paini m'mapiriwa cha m'ma 1950, koma ntchito yaikulu inagwirika dziko litalandira ufulu mu 1964. Boma la Kamuzu Banda maso ake sanali pa matabwa ayi. Linkafuna fakitale yopera mitengo kuti ikhale zopangira mapepala, ndipo malo ake anali ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja. Choncho anadzala mahekitala oposa 50,000 m'maboma a Mzimba ndi Nkhata Bay, ambiri mwa iwo paini wa mtundu wa Pinus patula. Ntchito inalipo yambiri: ofesa kunazale, okumba mayenje, osadza nthambi, olambula njira zotchinga moto, ndi alonda apansanja oyang'anira utsi. Ku Luwawa, Nthungwa, Mazamba ndi Lusangazi kunamera timidzi ta antchito.

Fakitale ija sinamangidwe. Inkafuna ndalama zankhaninkhani, misika inali kutali, ndiponso panali mantha oti zonyansa zake ziwononga nyanja. Mitengo inangokhwima, wogula palibe. Boma linatsegula kampani ya Viply yopanga pulayiwudi, yomwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inagulitsidwa n'kukhala Raiply, ndipo inapatsidwa mahekitala 20,000. Gawo lotsala linakhala m'manja mwa nthambi ya zankhalango.

Apa ndi pomwe mtima wanga umawawa. Ocheka matabwa atalowa ndi makina awo onyamulika, Chikangawa inasanduka msika. Malole ankatuluka atadzaza, ena kulowera ku Lilongwe, ena kuchipata cha Songwe kupita ku Tanzania ndi Kenya. Anyamata ochokera m'maboma akutali anakhamukira kumeneko, amayi n'kumasenza matabwa pamutu kuchoka kuzigwa kukafika pamsewu. Ndalama inkaoneka, inde, koma yambiri inali ya ganyu: yopanda kalata, yopanda penshoni, kugona m'zisakasa. Nthawi yomweyo antchito a boma odzala ndi kulondera anali atachepa kwambiri. Odula anachuluka, odzala n'kusowa.

Kenaka moto. Chilimwe chilichonse, makamaka kuyambira Sepitembala mpaka mvula itagwa, mapiri ankayaka. Anthu akumeneko amaloza alenje, ena amati ndi antchito okwiya ndi malipiro, enanso amati ndi mikangano ya ziphaso zodulira. Paini wamng'ono akapsa sadzukanso. Zinafika poti boma linatumizako asilikali.

Mkangano wa lero ndi wa chotsalacho. Ocheka ang'onoang'ono amadandaula kuti malo abwino anapita kwa makampani akuluakulu, pomwe makampaniwo amati ndi iwo amene akudzala ndi kuzimitsa moto. Mbali zonse zili ndi mfundo, koma mitengo yokhwima yoti onse n'kukhuta kulibenso. Ntchito yomwe ilipo yambiri tsopano ndi ya nazale, kudzala ndi kupalira, yomwe phindu lake limachedwa, pakuti paini amafuna zaka 20 kapena 25 kuti afike pochekedwa. Mbande yolowa m'nthaka dzinja lino adzaicheka ndi ana amene lero ali ku pulayimale, moto wa mu Okutobala ukaiphonya.