Buloko ya 3L singasanduke ya 5L poiboola

Ndatopa nawo mawu akuti "buloko ndi buloko, bola mabauti alowe." Amawakonda ndi eni minibasi amene injini yawafera pakati pa mwezi, ngongole ikuwadikira, ndiye akufuna galimoto ibwerere pamsewu mawa lomwe. Amathamangira kwa ogulitsa zitsulo zakale, n'kunyamula buloko (thupi la injini lokhala ndi masilinda, momwe mumayenda mapisitoni) iliyonse yooneka ngati ya Hiace.

Injini za dizilo za Toyota za 2L, 3L ndi 5L n'zapachibale, ndipo kunja zimafananadi. M'kati ndi nkhani ina. Silinda ya 2L ndi yotambalala mamilimita 92, ya 3L ndi 96, ya 5L ndi 99.5. Vuto limayambira poti 3L ndi 5L pisitoni imayenda mtunda umodzimodzi, mamilimita 96, ndiye makaniko wina wongophunzirira pansi pa mtengo amauza mwini galimoto kuti angoboola 3L mpaka pisitoni ya 5L ilowe. Ayi ndithu. Pisitoni ya oversize yomwe timaika tikaboola imakula ndi theka la milimita basi, pomwe iyeyo akufuna kudya mamilimita atatu ndi theka. Kuseri kwa khoma la silinda kumayenda madzi oziziritsa injini. Likapyapyala limang'aluka, madzi n'kusakanikirana ndi oyilo, ndipo ndalama za mapisitoni, maring'i ndi gasiketi zapita.

Koma imene imandiwawabe mpaka lero ndi ya makapu a main bearing, zitsulo zomwe zimamangirira crankshaft (mtanda umene mapisitoni amazungulitsa) pansi pa buloko. Bambo wina anabwera ndi buloko yotsukidwa bwino, yopentedwa, masilinda osalala. Anaigula yopanda makapu, wogulitsa n'kumutolera ena m'thumba, ati onse ndi a 3L. Kufakitale makapuwa amamangidwa pabuloko kaye, kenako bowo la crankshaft limabooledwa zonse zili pamodzi. Kapu iliyonse ndi ya buloko yake, malo ake, ndiponso mbali yake, n'chifukwa chake imakhala ndi nambala ndi kamuvi koloza kutsogolo. Ndinamuuza kuti popanda line boring, kuboolanso bowo la crankshaft makapu atamangidwa, asamange. Anaona ngati ndikufuna kumudyera, anapita kwina. Atabweranso, crankshaft inali itapsa mpaka kuda, ma bearing atasungunukira pomwepo. Minibasi imeneyo ndi imene inkalipirira ana ake fizi. Chomvetsa chisoni n'choti chizindikiro chinalipo: mukamanga makapu, crankshaft iyenera kuzungulira ndi dzanja mosavuta, ndipo ikalimba musapitirire.

Magalimoto ang'onoang'ono ngati Sienta ndi Probox a injini ya 1NZ ali ndi buloko ya aluminiyamu, yokhala ndi masilivu (makoma achitsulo a m'kati mwa silinda) opyapyala amene anaumbiridwa momwemo. Musaitenge ngati yachitsulo ya 3L ija. Ikatenthapo kwambiri pamwamba pake pamapindika, ndipo mazinga a mabauti a hedi amatha kuzuka, vuto lodziwika bwino pa injini za 2AZ zoyambirira za Camry ndi RAV4. Wogulitsa sangakuuzeni kuti inawirapo.

Musanapereke ndalama, buloko ipite kwa a injiniyaring'i. Aike rula yachitsulo pamwamba, ayeze silinda iliyonse kumtunda, pakati ndi pansi, aipope ndi mphamvu kuti ming'alu yobisika ioneke. Penti yatsopano pabuloko yakale izikudetsani nkhawa, chifukwa ena amabisa nayo powotcherera. Muonenso ngati sampu (chosungira oyilo pansi pa injini) ndi malo a ma mounting (pomangirira injini pagalimoto) zikugwirizana ndi galimoto yanu, poti injini yochoka mu Hilux siingolowa mu Hiace osasintha kanthu.

Nambala ya injini imadindidwa pabuloko pomwepo. Ikakhala yopalidwa kapena yodindidwanso, isiyeni ngakhale mtengo utsike bwanji. Ikakhala yabwino, tengani risiti yolembedwa nambalayo, mukasinthitse blue book ku Road Traffic galimoto isanayambe kunyamula anthu.