Mfuti ilibe mlandu, onani pamene munaitsamiritsa

Chaka ndi chaka, udzu ukangoyamba kuuma m'chigwa cha Luangwa, mawu amene ndimamva ndi amodzimodzi. Wina akuti mfuti yake yasokonekera, ikuwombera m'mwamba. Wina akuti sikopu, galasi lolunjikira la pamwamba pa mfuti, inagwedezeka m'mabampu a msewu wa ku Mfuwe. Ndimalandira mfutiyo, kuigoneka pathumba la mchenga, kuwombera katatu pa mamita 100, ndipo mabowo atatuwo ndimawaphimba ndi chikhatho chimodzi. Kenaka ndimauza mwiniwake kuti aimirire andionetse mmene anawombera. Apo ndiye pamaonekera zonse: mpope wa mfuti uli pamphanda ya ndodo zotsamiritsapo mfuti powombera, ndodozo zafupika mpaka iye wachita kuwerama, mapazi ali pamodzi. Zimenezi zanditopetsa, chifukwa amene amalipira kulakwitsaku si mlenje ayi, ndi nyama imene yathawa ndi bala.

Za laisensi ya mfuti, chilolezo cha nyama kuchokera ku dipatimenti yoona za nyama zakutchire, ndi kuyenda ndi sikauti, mlonda wa zanyama woperekeza alenje, sindikambapo. Amene alibe zimenezo nkhaniyi si yake.

Pandodo zowomberapo, zimene kutchire timangoti masitiki, pamakhala thabwa lakutsogolo la mfuti, osati mpope. Chipolopolo chikamadutsa, mpope umanjenjemera, ndipo ukakhudza chinthu cholimba umadumpha, chipolopolo n'kupita pamwamba. N'chimodzimodzi mukatsamiritsa mfuti pamwala, pachitsa kapena panthambi ya tsanya. Ikani chipewa, chikwama kapena dzanja lanu pakati. Ndipo musamapeputse kugwedezeka kwakung'ono. Kuchokera paphewa kufika pamene mfuti yatsamira pali pafupifupi theka la mita. Mfuti ikasuntha milimita imodzi yokha pamphandapo, pa mamita 100 chipolopolo chasuntha masentimita 20. Malo a mtima ndi mapapo a nswala saposa mbale yodyera nsima. Ndiye kuti milimita imodzi ija ndiyo imasiyanitsa nyama yogwa pomwepo ndi nyama yolasidwa m'mimba.

Ndodo ya mwendo umodzi ndi yoyendera basi. Imaletsa mfuti kutsika, koma kumanja ndi kumanzere imavina mmene ikufunira. Ya miyendo iwiri ndi yopepuka ndipo imathandiza munthu akakhala pansi, zigongono zili pamaondo, koma akaimirira imapita kutsogolo ndi kumbuyo pamodzi ndi mpweya wake. Timiyendo tachitsulo tomangirira pamfuti, monga ta Harris, ndi tabwino kwambiri kumene munthu angagone chafufumimba n'kuona patali. Kuno ku Lupande mu Meyi ndi Juni, tsekera ali m'khosi, mukagona pansi muona chiyani? Ndimatilola pagombe la mtsinje pokha, podikira ng'ona kapena mvuu, pamene malo owombera ndi aang'ono kwambiri ndipo nthawi yokonzeka ilipo.

Imene ndimakhulupirira ine ndi ya miyendo itatu. Nsungwi zitatu zowongoka, zouma bwino, zotalika ngati mwini wake, zomangidwa pamwamba ndi mphira ya chubu cha njinga, timitu take titakulungidwanso mphira kuti tisakande thabwa. Palibe chomasula, palibe chothina, palibe chosweka. Zikatalika mumatambasula miyendo, zikafupika mumaisendeza pamodzi. Mphanda ifike pachifuwa, m'munsi pang'ono mwa phewa, kuti mfuti ikhale yowongoka inu muli chilili, mapazi atatalikirana, thupi litapendekera kutsogolo pang'ono. Za m'sitolo zilipo zabwino, sindikukana. Primos Trigger Stick imatalika ndi kufupika ndi dzanja limodzi, ndipo za miyendo inayi, monga Viper-Flex, zimagwira mfuti kutsogolo ndi kuthako komwe, moti pamtunda wautali palibe yozipambana. Koma nyama ikasuntha, kutembenuza za miyendo inayi kumatenga nthawi, ndipo zachitsulo zikagundana zimalira. Njiri imamva kulira kumeneko isanakuoneni. Yesaninso mapazi a ndodozo: pamchenga wa mtsinje amamira, pamakande ouma opondedwa ndi njovu amaterereka kapena kulowa m'ming'alu.

Pali njati imodzi imene sindiiwala. Unali mwezi wa Ogasiti. Mlenje wina anabwera ndi masitiki akeake atsopano, a miyendo yolowetsana, yothina ndi tizipanira tapulasitiki. Anali atawayesa kwawo ndi kamfuti kopepuka, koma tsikulo ananyamula .375 H&H, mfuti yolemera komanso yokankha. Ine ndinawayang'ana masitikiwo m'mawa, n'kuona kuti ndi okongola, osawatsamira ndi thupi langa kuti ndione ngati agwira. Kumeneko ndiko kunali kulakwa kwanga. Tinafika pafupi ndi nkhunzi yokalamba, itaima chopingasa, malo oyera, mphepo ili kwa ife. Wolondola mapazi anaimika ndodo, mlenje anaika mfuti n'kutsamira, ndipo nthawi yomwe chala chimakoka, mwendo umodzi unalowa mkati. Mfuti inapendeka. Ndinamva kulira kwa chipolopolo chogwera m'mimba, kulira kumene aliyense wa ntchitoyi amakudziwa, ndipo njati inalowa m'ziyangoyango ine ndisanapeze mpata wowonjezera.

Pamasamba panali magazi ochepa osakanikirana ndi zam'mimba zobiriwira. Tinalondola mpaka mdima. Usiku mlenjeyo anandichonderera kuti nkhaniyi ithere pakati pathu, poti mawa tiipeza. Ndinakana, ndipo sikauti anatumiza uthenga usiku womwewo kuti midzi yoyandikana ichenjezedwe. Tinaipeza tsiku lachitatu. Inali itagona m'bango pafupi ndi chitsime cha m'mchenga pamene amayi amatunga madzi, mimba itatupa, ntchentche zili ng'waa. Inadzuka kubwera kwa ife ndipo tinaimaliza. Palibe anavulala. Koma pakanjira kopita kuchitsimeko, masitepe ochepa kuchokera pamene inagona, panali timapazi ta ana ta m'mawa womwewo. Mpaka lero ndikagwira masitiki a munthu wina ndimayamba ndawakanikiza ndi mphamvu zanga zonse, mwini wake akwiye asakwiye.

Ndiye ndikunena mosabisa: mukalasa nyama yoopsa, njati, mvuu, njovu kapena mkango, musagone nayo nkhaniyo. Lamulo limafuna kuti munene kwa a zanyama, ndipo ngakhale likanakhala kuti silifuna, kuthengoko kumayenda anthu otola nkhuni, asodzi ndi ana. Njati yolasidwa imabisala pamalo owirira n'kudikira chilichonse chodutsa. Manyazi anu a usiku umodzi sangafanane ndi maliro a m'mudzi. Ndaonapo anthu akudikira masiku, akuti mwina yafera kwinakwake, mwina afisi atithandiza. Masiku amenewo mapazi amafufutika, magazi amauma, ndipo amene adzaipeze ndi munthu wopanda mfuti.

China chimene chimandipweteka mtima ndi anthu amene amadyera pa kuphonya kwa anzawo. Munthu waphonya kawiri, wina n'kumuuza kuti mfuti yake yalodzedwa, ikufunika kutsukidwa ndi mankhwala, iyenso atemedwe mphini padzanja. Amalipira mbuzi, n'kubwerera kutchire ali ndi chikhulupiriro chonse, mpope uli pamphanda pomwe paja. Ena amathira madzi a mizu mumpope, dzimbiri n'kuyamba kudya mkati, mfuti imene inali yabwino n'kuwonongekadi. Palinso amisiri a pamsika amene amapotokola sikopu osawomberako n'kamodzi komwe. Sikopu imakonzedwa pamalo oyesera, mfuti ili pathumba la mchenga, pepala lili kutsogolo. Pepala likati mfuti ili bwino, musaikhudzenso.

Masitiki amene mudzapite nawo kutchire muyambe kuwagwiritsa ntchito milungu ingapo ulendo usanafike. Mfuti ilibe chipolopolo, mwatsimikiza kawiri, yesani kuiika pamphanda mwakachetechete, dzanja lamanzere litagwira thabwa pamodzi ndi ndodo, thako litakhazikika paphewa, diso lili patali ndi sikopu kuti isakutemeni pachikope mfuti ikakankha. Kenaka mukawombere zenizeni, mutaimirira, ndi mfuti yomweyo ndi zipolopolo zomwezo. Ngati pa mamita 100 simungathe kuika zipolopolo zitatu m'mbale ya nsima, mtunda wanu ndi 60 kapena 50, ndipo mumuuze wokuperekezani musanatuluke mumsasa kuti akufikitseni pafupi.