Mbiri ya mwambo wodziwira nyengo pa mbalame ku Kasungu

Wailesi isanafike m'midzi ya ku Kasungu, kalendala isanayambenso kupachikidwa pakhoma, mlimi ankadziwa nthawi yososa, yogalauza ndi yobzala poyang'ana mitengo ndi kumvetsera mbalame zimene zinkatera pafupi ndi nyumba yake. Mwambo umenewu sudalembedwe m'buku, koma udali ndi dongosolo lake, ndipo amene akufuna kudziwa chifukwa chimene ukuzimiririra ayenera kuyamba wamva zimene zidachitikira nkhalango ya m'boma lino m'zaka zana zapitazi.

Dera la Kasungu ndi lathyathyathya koma lokwera, lili ndi mapiri otumphuka apa ndi apo ngati lija layang'anira tauni, ndipo kale lonseli lidali lokutidwa ndi mitengo ya mombo, tsamba, muwanga, masuku ndi maula, kupatula madambo amene amathira madzi m'mitsinje ya Dwangwa, Lingadzi ndi Bua. Mitengo imeneyi ndiyo inkayamba kulankhula. Cha mu Ogasiti ndi Sepitembala, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, imaphuka masamba ofiira amene pambuyo pake amasanduka obiriwira, ndipo akuluakulu ankadziwa kuti chisanu chatha, malimwe alowa. Nthawi yomweyo mphamba wa mchira wamphanda amatulukira n'kumazungulira pamwamba pa mudzi, amayi n'kuyamba kuvundikira anapiye m'madengu.

Mu Okutobala, nyenje zikamalira mogonthetsa m'khutu, kumabwera lumbe wa nthenga zazitali. Ndidamuona koyamba ndili mwana, tikuchokera kudimba ndi agogo aamuna kachisisira katagwa. Adadzuka pakati pa njira osachita phokoso, ndipo kuphiko lililonse kunkalendewera nthenga imodzi yoyera, yotalika kuposa thupi lake lonse, ikukupizika m'mbuyo ngati kansalu kong'ambika. Agogo adandigwira paphewa kuti ndiime, ndipo mbalameyo itapita adandiuza kuti mawa lake tiyambe kusaka udzu wotsala wofolerera nkhokwe. Lumbe wamtunduwu amachokera kumaiko a kumpoto kwa dziko lathu kudzaswa kuno, ndipo yaikazi imaikira mazira pansi penipeni pakati pa masamba ouma, popanda chisa. Nthenga zazitalizo ndi za yaimuna, ndipo imakhala nazo nyengo yoswana yokha, choncho kuziona kudali umboni woti mvula siili patali.

Pambuyo pa lumbe pankabwera anamzeze. Ena mwa iwo ndi akuno ndipo amamanga zisa zadothi m'makhonde, koma chikhamu chimene chimadzaza mlengalenga kuyambira mu Okutobala ndi Novembala chimachokera ku Ulaya ndi ku Asia, kumene chimathawa chisanu, ndipo chimabwerera cha mu Epulo. Makolo athu sankadziwa mayina a maikowo, koma ankadziwa bwino kuti anamzeze akamauluka chapansipansi pachulu ndiye kuti ngumbi zatuluka ndipo nthaka yalowa madzi. Kudambo mkuta ankalira ngati madzi akukhuthuka m'botolo, pomwe nang'omba ankagunda mbandakucha ndi mawu ake akuya omveka kutali ngati ng'oma.

Chimene ndimachilemekeza pa mwambowu n'chakuti mkulu wanzeru sankakhulupirira chizindikiro chimodzi chokha. Mvula yoyamba, ija timati chizimalupsa, yanamiza alimi ambiri, chifukwa imangozimitsa tchire lopsa n'kuleka kwa masabata awiri kapena atatu, mbewu n'kupsera m'nthaka. Amene ankadziwa ankadikira kuti zizindikiro zingapo zigwirizane, masuku apse, ngumbi zituluke, mphepo itembenuke, mbalame zimene akuziyembekezera zifike, ndipo pokhapo ankatsitsa mbewu imene idakhala pamwamba pa moto chaka chonse. Zimenezi sizidali zamatsenga ayi, idali nzeru yaulimi yosonkhanitsidwa ndi anthu amene ankadziwa kuti kulakwitsa kwake ndi njala.

Pa mbalame zonse, imene idali paubale weniweni ndi munthu ndi nsadzu. Kambalame kameneka n'kosaoneka bwino, kotuwa, koma kakaona munthu m'tchire kamalira mosalekeza, n'kuuluka pang'ono, n'kuteranso kumudikira, mpaka kukamufikitsa pamtengo umene muli njuchi. Wofula uchi ankakayankha ndi likhweru, ndipo akafukiza utsi n'kutsegula mphako ankasiya chisa cha njuchi pansi, popeza nsadzu amadya phula ndi ana a njuchi koma sangathe kutsegula mtengo yekha. Akuluakulu ankachenjeza kuti womana nsadzu gawo lake, tsiku lina adzatsogoleredwa kwa njoka kapena chilombo. Ofufuza amene adagwira ntchito ndi Ayao ofula uchi ku Niassa m'dziko la Mozambique adalengeza mu 2016 kuti wofula akamaitana ndi mawu amene nsadzu adawazolowera, mwayi wake wopeza njuchi umawirikiza pafupifupi katatu. Zimene makolo ankanena zoti mbalameyi imamva munthu zidali zoona.

Kulekana kwa anthu ndi mbalame zimenezi kudayamba m'nthawi ya atsamunda. Mu 1922 boma lidapatula dera lalikulu la kumadzulo, chakumalire ndi dziko limene lero ndi Zambia, ndipo midzi idasamutsidwa chifukwa cha matenda a kaodzera amene amafalitsidwa ndi kashembe. Mu 1930 malowo adakhala osungirako nyama, n'chifukwa chake mpaka lero anthu ena amangoti ku Gemu, ndipo mu 1970 adakwezedwa kukhala paki, yachiwiri kukula m'Malawi pambuyo pa Nyika, ya masikweya kilomita oposa 2,300. Kuti m'menemo mudali anthu sizikusowa umboni, chifukwa ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo zikadalipo, pamodzi ndi zojambula pamiyala ndi mabwinja. Mabanja amene adachoka adasiya manda a makolo awo, komanso mitengo yodziwika ya njuchi ndi madambo amene ankawawerenga chaka ndi chaka.

Ngakhale zidali choncho, kunja kwa malire kudali kukadali nkhalango yokwanira, ndipo mwambo udapitirira. Chimene chidasintha dziko ndi fodya. M'zaka za m'ma 1970, mu ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, yemwe adali mbadwa ya konkuno, malo aakulu adaperekedwa kwa eni maesiteti, ndipo Kasungu idasanduka likulu la fodya wowotcha m'mabalani, amene amafuna nkhuni usana ndi usiku kwa masiku angapo kuti balani imodzi iume. Matenanti adabwera kuchokera m'maboma ena, anthu adachuluka, ndipo kuyambira cha mu 1990, alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale, mudzi uliwonse udafuna mitengo yomangira zigafa. Sindikunyoza fodyayo, pakuti ambiri a ife tidaphunzira sukulu ndi ndalama zake, koma mitengo imene idayamba kugwa idali ikuluikulu yakale, ndipo imeneyo ndiyo imakhala ndi mphako.

Apa ndi pamene nkhani ya mitengo imakumana ndi nkhani ya mbalame. Nang'omba amaswera m'mphako ya mtengo waukulu kwambiri, amafuna dera lotakasuka loyendamo, ndipo gulu lonse limatha zaka zingapo kuti lilere mwana mmodzi, choncho akachoka pamalo sabwerera msanga. Nsadzu samanga chisa chake, amaikira dzira m'chisa cha mbalame zina zoswera m'mphako kapena m'una, ndiye pamene palibe mitengo yobooka palibe njuchi zam'tchire, palibenso omulerera ana. Lumbe amafuna pansi pa nkhalango pamene pali masamba, osati m'mizere. Mitengo ya bulugamu ndi malaina imene tidabzala m'malo mwake imatipatsa milimo ndi nkhuni, koma mbalame zimenezi sizipezamo zofuna zake.

N'zowawa kuvomereza, koma malire omwe aja amene adachotsa makolo athu ndiwo asunga mbalamezi. Akuluakulu oyang'anira paki adazindikira m'kupita kwa nthawi kuti kutsekereza anthu kotheratu kumangobala udani, ndipo adayamba kulola midzi yoyandikana nayo kupachika ming'oma ya njuchi ndi kutola matondo pa nyengo yake. Njira imeneyi ndiyo idasiya kampata koti anthu ena apitirize kuona nkhalango yeniyeni ndi kumva nsadzu. Mu 2022 njovu 263 zidabweretsedwa kuchokera ku Liwonde, ndipo kuyambira pamenepo nkhani imene ili pakamwa pa anthu a m'mphepete mwa paki ndi ya minda yoonongeka, miyoyo imene yatayika ndi mpanda wamagetsi. Madandaulo amenewa ndi omveka, ndipo munthu amene chimanga chake chadyedwa usiku umodzi sungamuuze za anamzeze.

Lero mlimi amamva za mvula pawailesi kapena pafoni kuchokera ku nthambi yoona zanyengo, ndipo uthengawo ndi wothandiza, makamaka tsopano pamene mvula ikumachedwa kapena kudukiza. Komabe umanena za boma lonse kapena chigawo, pomwe zizindikiro za makolo zinkanena za dambo lako ndi chulu cha kuseri kwa nyumba yako. Pakhomo pathu mbalame zikadalipo, koma ndi zija zimene zimatha kukhala ndi munthu kulikonse. Pumbwa amadzutsa anthu ali mumtengo wa papaya, timba amadumphadumpha mumpanda wa udzu, njiwa zimatola madeya pamtondo, akakowa amatsata ng'ombe, ndipo mvula ikakhazikika mpheta zazimuna zimavala nthenga zachikasu n'kuyamba kuluka zisa kudambo. Anyamata amazidziwa zonsezi chifukwa cha legeni ndi ulimbo. Chaka chatha mu Okutobala ndidafunsa adzukulu anga ngati adaonapo lumbe wa nthenga zazitali, ndipo palibe amene adamudziwa, choncho ndidawalonjeza kuti malimwe akubwerawa tidzapita madzulo kumanda a mudzi wathu, kumene mitengo ya mombo sidulidwa, tikakhale chapatali m'mbali mwa njira kudikira kuti dzuwa lilowe.