Mukamaphunzira kuphika mazira: dzira lipse mpaka m'kati

Uthengawu ndi wa amene angoyamba kudziphikira okha: wophunzira amene akuchita lendi pafupi ndi sukulu, mnyamata amene wangopeza ganyu m'tauni muno mu Lilongwe, mtsikana amene makolo amusiyira abale ake aang'ono. Ambiri mwa awa amayambira pa mazira chifukwa amapezeka pa okala iliyonse, kaya ndi ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Area 25, ndipo satha makala ambiri. Koma poti dzira silichedwa kupsa, ambiri amaliphula lisanapse n'komwe, ndipo matenda amalowera pamenepo.

Choopsa n'chiyani m'dzira?

Nkhuku zina zimakhala ndi tizilombo totchedwa Salmonella m'matumbo mwawo. Nkhukuyo imaoneka yabwinobwino, imadya, imaikira. Tizilomboti timatuluka ndi zitosi n'kumatirira pa khoko la dzira, ndipo nthawi zina timalowa m'kati mwenimweni dzira lisanakute khoko, likadali m'mimba mwa nkhuku. Ndiye kuti dzira loyera bwino kunja, losasweka, losanunkha, litha kukhala nato. Simungatione ndi maso kapena kutimva ndi mphuno. Zilibe kanthu kuti dziralo ndi la nkhuku yachikuda ya kumudzi kapena la nkhuku za kufamu.

Munthu akadya tizilomboti, matenda amayamba pakapita maola 6 mpaka 72: kutsegula m'mimba, kupotokola, kutentha thupi, nseru, mwina ndi kusanza. Wamkulu wathanzi amachira pakati pa masiku 2 ndi 7, nthawi zambiri popanda mankhwala. Koma kwa mwana wosakwana zaka zisanu, mayi woyembekezera, agogo, ndi munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, mwachitsanzo chifukwa cha HIV kapena khansa, matendawa amatha madzi m'thupi msanga ndipo tizilombo titha kulowa m'magazi. Pamenepo moyo uli pachiswe.

Chimene chimapha tizilomboti ndi moto basi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chitenthe kufika madigiri 70. Kukhitchini kwathu sitiyeza zimenezo, choncho chizindikiro chanu ndi ichi: choyera cha dzira ndi chikasu chake, zonse zilimbe, pasakhale poyenderera.

Pogula ndi posunga

Litembenuzeni dzira lililonse musanalipire. Long'aluka lisiyeni ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo, chifukwa mng'alu ndi polowera tizilombo. Lopakika zitosi zambiri lisiyeninso. Ndipo muone pamene thireyi yaikidwa: mazira amene akhala padzuwa tsiku lonse, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, amaonongeka msanga.

Mukafika kunyumba musatsuke mazira amene mukufuna kusunga. Anthu ambiri aukhondo amalakwitsa pomwepa. Khoko la dzira lili ndi timabowo tambirimbiri tosaoneka, ndipo nkhuku poikira imalikuta ndi kachikopa kopyapyala kotseka timabowoto. Madzi amachotsa kachikopako n'kukankhira litsiro m'kati. Ngati dzira lili ndi kalitsiro, lipukuteni ndi kansalu kouma kapena pepala, kenako musambe m'manja.

Amene muli ndi filiji, ikani mazira m'kati mwake pa shelefu osati pachitseko, chifukwa pachitseko pamafunda nthawi iliyonse imene mwatsegula. Magetsi akazima musamatsegule filiji pafupipafupi. Ngati mulibe filiji, gulani ochepa oti muwamalize m'masiku owerengeka, muwasunge pamthunzi pozizira, kutali ndi mbaula, mbali yosongoka italoza pansi.

Mukakayika ngati dzira ndi lakale, liikeni m'mbale ya madzi pamene mukufuna kuliphika. Latsopano limamira n'kugona pansi. Lokhalitsa limaimirira, ndipo loyandama litayeni. Izi zimachitika chifukwa dzira likamakhalitsa madzi ake amauma pang'onopang'ono n'kusiya malo a mpweya. Koma dziwani kuti kuyesaku kumangokuuzani za kukhalitsa. Sikunena kanthu za tizilombo. Dzira lomira bwinobwino liyenera kupsa mofanana ndi lina lililonse.

Kuwiritsa

Ikani mazira m'poto, thirani madzi mpaka amire, ikani pamoto. Yambani kuwerenga nthawi pamene madzi ayamba kubwata, osati pamene mwaika poto pamoto, ndipo mudikire mphindi 10 mpaka 12. Lilongwe ili pamalo okwera, mamita oposa 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yaikulu, ndipo pamalo otere madzi amabwata asanatenthe kufika madigiri 100. Choncho kuno ndi bwino kutsamira ku 12. Pambaula muonetsetse kuti moto sunafooke pakati. Madzi akaleka kubwata ndiye kuti nthawi nayonso yaima. Foni yanu ili ndi wotchi, igwiritseni ntchito m'malo mongoyerekeza.

Mukaphula, aikeni m'madzi ozizira aukhondo kuti asendeke mosavuta. Mukapeza mzere wobiriwira kuzungulira chikasu musataye dziralo. Langopsa kwambiri, ndipo mzerewo si poizoni.

Mazira owiritsa amakhala sabata imodzi m'filiji. Kunja kwa filiji adyedwe pasanathe maola awiri. Ganizirani zimenezi pomulongedzera mwana chakudya cha kusukulu, komanso pogula mazira owiritsa kudepoti kapena pawindo la minibasi: dzira lozizira kale, long'aluka, kapena limene wina wakusenderani ndi manja omwe akulandirira ndalama, ndi bwino kulisiya.

Kukazinga ndi kuphika ndiwo

Swerani dzira lililonse m'kapu kaye musanaliphatikize ndi ena, kuti losukusa limodzi lisakuonongereni onse. Thirani mafuta pang'ono m'chiwaya, moto ukhale wapakatikati. Woyamba kumene amakonda moto waukali, ndiye pansi pamapserera pamwamba pakadali pamadzi, iye n'kuphula poopa kuti apserera. Chepetsani moto, tembenuzani dzira mbali zonse ziwiri, kapena vindikirani kwa kanthawi kuti nthunzi ipsetse pamwamba.

Dzira lokazinga mbali imodzi, chikasu chikuyenderera, lija mumaona m'malo odyera ndi pa zithunzi za pa Facebook, limakoma kwa amene amalikonda, koma si la mwana, mayi woyembekezera, wokalamba kapena wodwala.

Pophika ndiwo zodyera nsima, kazingani anyezi ndi tomato zipse kaye, kenako thirani mazira opuntha n'kumatakasa mpaka pasaoneke ponyezimira mamina a dzira. Mbale imene munapunthira mazira aawisi musapakuliremo opsa musanaitsuke ndi sopo. Chimodzimodzi supuni ndi foloko. Makoko atayeni nthawi yomweyo, ndipo musambe m'manja ndi sopo musanakhudze buledi, tomato wodya wosaphika kapena mwana. Ife a mu Lilongwe tinaona pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 zimene manja ndi madzi osasamalika amachita. Kukhitchini lamulo lake ndi lomwelo.

Mazira aawisi

Alipo anyamata onyamula zitsulo amene amamwa mazira aawisi kuti thupi likule, oimba kwaya amene amati amasalalitsa mawu, ndi ena amene amapatsa mwana ngati mankhwala a chifuwa. Palibe phindu limene dzira laliwisi lili nalo kuposa lophika. Ndipotu thupi limatenga pafupifupi theka lokha la zomanga thupi za m'dzira laliwisi, pamene m'lophika limatenga pafupifupi zonse. Mukumwa chiopsezo chonse n'kutaya theka la ndalama zanu. Ana asanyambitenso mphika wosakanizira keke kapena zitumbuwa ngati mwaswera dzira.

Ana ndi amayi oyembekezera adye mazira

Zonsezi sizikutanthauza kuti muope mazira. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene azaumoyo amaphunzitsa kusikelo, dzira lili m'gulu la zanyama. Limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a zomanga thupi, kuphatikizapo mavitamini A, D ndi B12. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko muno wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. M'dziko lotere, kumana mwana dzira pamene nkhuku zikuikira pakhomo n'kulakwa.

Ambiri tinakula tikumva kuti mayi woyembekezera akadya mazira mwana adzabadwa wopanda tsitsi, kapena kuti mwana akadya mazira adzadwala khunyu. Zonsezi si zoona. Mayi woyembekezera adye dzira lopsa bwino. Mwana ayambe akakwana miyezi 6, uku akuyamwabe: wiritsani dzira, phwanyani choyera ndi chikasu chomwe mpaka zifewe, sakanizani m'phala. Mukhozanso kupunthira dzira m'phala likadali pamoto, bola libwate kwa mphindi zingapo mukutakasa. Musaswere dzira m'phala limene mwaphula kale.

Pali ana ena owerengeka amene thupi lawo limadana ndi mazira. Tsiku loyamba mupatseni mwana pang'ono n'kumuyang'anira. Akatuluka zidzolo kapena kusanza, lekani kaye ndipo kafunseni kuchipatala. Akatupa milomo kapena nkhope, kapena akamabanika, thamangani naye nthawi yomweyo.

Kwa wamkulu wathanzi dzira limodzi patsiku silivuta. Amene muli ndi shuga, matenda a mtima kapena othamanga magazi, funsani adokotala za mlingo woyenera inuyo, ndipo muchepetse mchere ndi mafuta okazingira.

Wina akatsegula m'mimba

Yambani kumumwetsa Thanzi ORS msangamsanga, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Mwana apitirize kuyamwa ndi kudya, ndipo kuchipatala adzamupatsa mapiritsi a zinki. Musagule mankhwala opha tizilombo pa okala mwa inu nokha.

Pitani kuchipatala chimene chili pafupi, monga ku Bwaila, Area 18, Area 25 kapena Kawale, ngati m'chimbudzi muli magazi, thupi latentha kwambiri, wodwala akusanza chilichonse chimene wamwa, maso alowa, mkodzo wachepa, mwana wafooka kapena liwombo lalowa, kapena papita masiku atatu osasintha. Chimbudzi chamadzi ngati otsukira mpunga chimene chikutuluka motsatizana musachiyese cha mazira: itha kukhala kolera, ndipo wodwalayo apite kuchipatala ola lomwelo akumwa Thanzi m'njira.